Pampu inachedwa kuzima ngakhale ndinaikira nthawi ndi call_later

Tiwonge, Chibavi | Lolemba, 19:42

Moni nonse a pagulu lino. Ndabwera ndi vuto limene landisowetsa mtendere kwa masiku atatu, ndipo ndikupempha amene munagwirapo ntchito ndi asyncio, gawo la Python lothandiza pulogalamu kuyendetsa ntchito zingapo mosinthanasinthana, kuti mundithandize maganizo. Ndinalemba pulogalamu ya Python yoyendetsa pampu ya madzi pa dimba la amalume anga cha ku Lupaso, kumene amalima tomato ndi kabichi m'nyengo yachilimwe. Pulogalamuyi ikuyenda pa kakompyuta kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi 3, ndipo imayatsa pampu m'mawa kuti idzaze thanki, imawerenga sensa ya madzi masekondi 5 aliwonse, komanso imatumiza SMS ku foni ya amalume kudzera mu modemu.

Pampu ikangoyaka, ndimaitana `loop.call_later(1200, zimitsa_pampu)` kuti izime pakatha mphindi 20. Kwa milungu iwiri zonse zinkayenda bwino, koma Lachisanu lapitali inazima patapita mphindi 29, thanki inasefukira, ndipo madzi anakokolola mbande zimene zinali pa nazale munsi mwake. Nditayang'ana mu log ndinapeza kuti function yozimitsayo inaitanidwadi, kungoti inaitanidwa mochedwa ndi mphindi 9. Palinso china chimene chikundizunguza: sensa yowerengedwa masekondi 5 aliwonse iyenera kupereka mizere 17,280 pa tsiku, koma ine ndikumapeza pafupifupi 16,300. Kodi call_later ndi yosadalirika, kapena ndine amene ndinalakwitsa penapake?

Aphunzitsi, Luwinga | Lolemba, 20:05

Achemwali, pepani chifukwa cha mbandezo. Tisanaweruze call_later, tionetseni mmene mumatumizira SMS, makamaka zimene pulogalamu imachita uthenga ukakanika kupita.

Tiwonge, Chibavi | Lolemba, 20:16

Zikomo aphunzitsi. Ndimalankhula ndi modemu pogwiritsa ntchito pyserial. Madzi akatsala pang'ono kudzaza, pulogalamu imatumiza uthenga, ndipo ukakanika imadikira ndi `time.sleep(60)` kenaka n'kuyesanso, mpaka maulendo 10. Tsiku limenelo kunachita chifunga chambiri ndipo netiweki inali yovuta m'mawa wonse, moti mu log mukuoneka kuti maulendo onse 10 anakanika.

Aphunzitsi, Luwinga | Lolemba, 20:58

Vuto lili pomwepo, ndipo call_later inagwira ntchito yake monga mmene inapangidwira. Ndifotokoza motalikirapo chifukwa ambiri amene amayamba asyncio amagwa m'mbuna imeneyi.

Event loop, imene ndi mtima wa asyncio wogawa mpata kwa ntchito zonse, imayenda pa thread imodzi yokha, kutanthauza mzere umodzi wa malangizo otsatizana, ndipo imachita chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Mukaitana call_later, palibe wotchi ina yapadera imene imayamba kuwerenga pambali kuti nthawi ikakwana idzadule zimene pulogalamu ikuchita. Chimene chimachitika n'chakuti loop imatenga nthawi ya panopa, imaonjezapo masekondi 1200, n'kusunga callback yanuyo, kutanthauza function yoti idzaitanidwe, mu mndandanda wotchedwa heap, momwe imene nthawi yake ili pafupi kwambiri imakhala pamwamba. Pa kuzungulira kulikonse, loop imayang'ana pamwamba pa heap kuti idziwe kuti ingadikire nthawi yaitali bwanji, ndipo imapereka nthawiyo kwa operating system, yomwe pa Linux imagwiritsa ntchito njira yodikirira yotchedwa epoll. Ikadzuka, imasamutsa ma callback onse amene nthawi yawo yakwana kupita pa mzere wa zokonzeka, kenaka n'kuyamba kuwaitana mmodzimmodzi, aliyense mpaka amalize kapena abweze mpata mwa kufuna kwake.

Taganizirani mayi amene akuphika yekha, miphika itatu ili pamoto, ndipo akudziwa bwino kuti mphika wa nyemba uyenera kuphulidwa pakapita kanthawi. Ngati mlendo wamuimika pakhomo kwa mphindi 10 osamulola kusuntha, nyembazo zipserera, osati chifukwa chakuti mayiyo waiwala, koma chifukwa chakuti thupi lake ndi limodzi. `time.sleep` ndiye mlendo ameneyo: imagoneka thread yonse, ndipo loop imagona nayo limodzi. Kuyesa kwanu kunayamba cha pa mphindi ya 19, kunatenga mphindi 10, ndipo loop itangomasuka pa mphindi ya 29 inazimitsa pampu nthawi yomweyo.

Choncho lonjezo la call_later ndi lakuti callback siiitanidwa nthawi isanakwane. Silonjeza kuti iitanidwa pa nthawi yeniyeniyo. Sinthani kudikirako kukhale `await asyncio.sleep(60)`, imene mkati mwake imagwiritsanso ntchito call_later yomweyo ndipo imasiya loop ili yomasuka. Kuwerenga kwa pyserial nakonso kumagwira thread mpaka modemu iyankhe, ndiye kutumizeni ku thread ina ndi `asyncio.to_thread`, imene inabwera mu Python 3.9, kapena `run_in_executor` ngati Python yanu ndi yakale. Ndikukulimbikitsaninso kuyendetsa pulogalamu ndi `PYTHONASYNCIODEBUG=1` kwa tsiku limodzi, pakuti mukatero loop imalemba chenjezo pa callback iliyonse imene yatenga nthawi yoposa masekondi 0.1.

Chimwemwe, Zolozolo | Lolemba, 21:20

Aphunzitsi, mundikhululukire polowerera ndi funso la munthu wongoyamba kumene. Ine ndinayesapo kupereka function yolembedwa ndi `async def` kwa call_later, ndipo nthawi itakwana palibe chimene chinachitika kupatula chenjezo la RuntimeWarning lonena kuti coroutine sinadikiridwe. Kodi chinalakwika n'chiyani?

Aphunzitsi, Luwinga | Lolemba, 21:34

Safunsa anadya phula, a Chimwemwe, ndipo funso lanu lili pa nkhani yomweyi. call_later imafuna function wamba. Mukaipatsa ya `async def`, loop imaiitanadi nthawi ikakwana, koma kuitana function yotero kumangopanga coroutine imene sinayambe kuyenda, ndipo popeza palibe amene waitenga, imatayika. Njira yosavuta ndi kulemba coroutine imene imayamba ndi asyncio.sleep kenaka n'kuchita ntchitoyo, ndipo muiyambitse ndi create_task. Musaiwale kusunga task imeneyo penapake, monga mu set, chifukwa loop siigwiritsitsa mwamphamvu ndipo garbage collector, imene imasesa zinthu zosagwiritsidwanso ntchito mu memory, ikhoza kuichotsa isanamalize.

Limbani, Katoto | Lolemba, 22:10

Ine ntchito yanga yambiri ndi ya JavaScript, koma zimene aphunzitsi afotokoza ndi zomwezonso kwathu kuno. Node.js, imene Ryan Dahl anaitulutsa mu 2009, ili ndi loop yake yoyendetsedwa ndi libuv, ndipo setTimeout nayonso imangolonjeza kuti siifulumira. Mukaika ntchito yolemera pa thread yaikulu, ma timer onse amadikira.

Ndikufuna kuonjezapo msampha wina umene unandigwira ine chaka chatha. Ndinapangira gulu lina la banki m'khonde pulogalamu yokumbutsa mamembala za kubweza ngongole pakatha masiku 30, ndipo ndinagwiritsa ntchito setTimeout. Mauthenga onse anapita nthawi yomweyo, anthu asanafike n'komwe kunyumba ndi ndalama zimene anakongola, ndipo ena anakhumudwa poganiza kuti gulu silikuwakhulupirira. Chifukwa chake n'chakuti setTimeout siilandira nthawi yoposa mamilisekondi 2,147,483,647, omwe ndi masiku osakwana 25, pamene masiku 30 ndi mamilisekondi 2,592,000,000. Mukadutsa malire amenewo, Node.js imasintha nthawiyo kukhala milisekondi imodzi n'kulemba TimeoutOverflowWarning, imene ine sindinaione chifukwa sindinkawerenga log. Mu browser mulinso zake: tab ikakhala kuseri, ma timer amachedwetsedwa mwadala kuti batire isathe msanga.

Koma ndili ndi maganizo osiyana pang'ono, achemwali. Pa ntchito ngati yozimitsa pampu, bwanji osangogwiritsa ntchito `threading.Timer`? Ikanakhala pa thread yakeyake, ikanazimitsa pampu pa mphindi ya 20 ngakhale loop itagona, ndipo mbandezo zikanapulumuka.

Aphunzitsi, Luwinga | Lolemba, 22:41

A Limbani, pa tsiku limenelo mukunena zoona, ndipo sindingatsutse. time.sleep imamasula GIL, loko imene imalola thread imodzi yokha kuyendetsa code ya Python pa nthawi imodzi, choncho thread ina ikanapeza mpata wozimitsa pampu pa nthawi yake. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti njira imeneyi imabisa nthenda m'malo moichiza. Loop ikanakhalabe yogona kwa mphindi 10, sensa osawerengedwa, ndipo a Tiwonge sakanadziwa kuti pali vuto mpaka tsiku limene likanatulukira pena. Kuonjezera apo, thread yachiwiriyo ikayamba kukhudza zinthu zimene loop ikugwiritsanso ntchito, pamabuka mavuto ovuta kuwapeza, chifukwa zambiri za mu asyncio sizinapangidwe kuti zizikhudzidwa kuchokera ku thread ina. Khomo lovomerezeka ndi `call_soon_threadsafe`, imene imaika callback pa mzere komanso kudzutsa loop ngati ili pa epoll. Mukaitana call_later kuchokera ku thread ina, loop ikhoza kupitiriza kudikira osadziwa kuti mu heap mwalowa chinthu chatsopano.

Pa nkhani ya malire, Python nayonso inali ndi ake: mpaka pa 3.7, nthawi yopatsidwa kwa call_later sinkayenera kupitirira tsiku limodzi, ndipo zimenezi zinakonzedwa mu 3.8. Komabe chikumbutso cha masiku 30 sichiyenera kukhala mu timer n'komwe, ngakhale malire atachotsedwa.

Limbani, Katoto | Lolemba, 22:50

Pa mfundo yomalizayo tagwirizana, pakuti ndi zimene ndinachita pambuyo pake. Tsiku lobweza ndimalisunga mu database, ndipo cron imadzutsa pulogalamu m'mawa uliwonse kuti ione amene tsiku lawo lafika. Koma pa pampu ndikuonabe kuti chinthu chimene chingaononge katundu sichiyenera kudalira loop imodzi yokha.

Tiwonge, Chibavi | Lachiwiri, 06:35

Mwadzuka bwanji nonse. Ndasintha kale time.sleep usiku womwewo, ndipo nditayatsa debug ndapeza kuti kulemba mu fayilo ya pa SD card nakonso nthawi zina kumadutsa masekondi 0.1. Zikomo kwambiri. Tsopano nanga mizere yosowa ija? Pamenepo ndinagwiritsa kale ntchito asyncio.sleep, osati time.sleep, koma chiwerengero sichikukwanabe.

Aphunzitsi, Luwinga | Lachiwiri, 07:12

Tadzuka bwino, kaya inu. Ndikuganiza kuti mumawerenga sensa, mumalemba zotsatira, kenaka mumadikira masekondi 5. Ngati kuwerenga ndi kulembako kumatenga masekondi 0.3, ndiye kuti ulendo uliwonse ndi wa masekondi 5.3, ndipo mukagawa masekondi 86,400 a tsiku limodzi ndi 5.3 mupeza pafupifupi 16,300, chiwerengero chomwe chija mwatiuza. Kuchedwa kwakung'onoko kumaunjikana chifukwa ulendo uliwonse mukuyamba kuwerenga nthawi kuchokera pamene ntchito yathera.

Mankhwala ake ndi kuwerenga kuchokera pa chiyambi chokhazikika. Tengani `loop.time()` kamodzi poyamba, musunge ngati nthawi yotsatira, ndipo pa ulendo uliwonse muzionjezapo 5 pa nambala yosungidwayo, n'kuipereka kwa call_at. Ulendo umodzi ukachedwa ndi masekondi 0.3, wotsatira umabwererabe pa malo ake, ndipo kuchedwako sikusenzedwa kupita kutsogolo.

Pali chosankha chimodzi chimene muyenera kupanga nokha mwadala. Tiyerekeze kuti loop yagwidwanso kwa mphindi 10. Pamenepo maulendo 120 adutsa osachitika, ndipo call_at ikapatsidwa nthawi imene inapita kale, imaitana callback pa mpata woyamba. Mukangoonjeza 5 osayang'ana, pulogalamu iwerenga sensa maulendo 120 motsatizana m'kanthawi kochepa, zomwe zilibe phindu chifukwa madzi a mphindi 8 zapitazo sangayezedwenso panopa. Pa sensa, lumphani maulendo ophonyedwawo ndipo mulembe mu log kuti mwalumpha angati. Ikanakhala ntchito imene ulendo uliwonse uli ndi kanthu kake, monga kutumiza malisiti, bwenzi yankho lili losiyana.

Chimwemwe, Zolozolo | Lachiwiri, 07:40

Pa call_at pomwepo ndili ndi umboni. Mwezi watha ndinafuna kuti chinthu chichitike 6 koloko madzulo, ndiye ndinasintha nthawiyo kukhala timestamp n'kuipereka kwa call_at. Ndinadikira mpaka usiku, osachitika kanthu, ndipo panalibe ngakhale chenjezo.

Aphunzitsi, Luwinga | Lachiwiri, 08:03

Munasakaniza mawotchi awiri osiyana. Timestamp imawerenga masekondi kuchokera pa 1 Januwale 1970, ndipo panopa nambalayo inadutsa 1.7 biliyoni. `loop.time()` imachokera pa `time.monotonic`, imene pa Linux imawerenga kuyambira cha pamene kompyuta inayatsidwa, choncho nambala yake imakhala yaying'ono. Mwa kuipatsa timestamp, munauza loop kuti idikire zaka zoposa 50, ndipo inamvera mokhulupirika.

Amene anakonza asyncio, imene inalowa mu Python 3.4 m'chaka cha 2014 kutsatira PEP 3156 ya Guido van Rossum, anasankha wotchi ya monotonic pa chifukwa chomveka. Wotchi ya tsiku ndi ola ikhoza kulumpha kutsogolo kapena kubwerera m'mbuyo pamene NTP, njira yokonzera wotchi kudzera pa intaneti, kapena munthu waikonza, koma ya monotonic siibwerera m'mbuyo. Pa "pakatha mphindi 20" imeneyi ndiyo yoyenera. Pa "6 koloko" muyenera kuwerengera kusiyana kwa panopa ndi nthawi imeneyo pa wotchi ya tsiku, n'kupereka kusiyanako kwa call_later, ndipo ngati kudikirako n'kwa maola ambiri, ndi bwino kumadzuka pafupipafupi kuti muone ngati wotchi ya tsiku sinasunthe. Ife kuno ku Malawi tili pa UTC+2 chaka chonse, koma amene ma server anu ali ku London kapena Frankfurt musamale, pakuti kumeneko nthawi imasinthidwa kawiri pa chaka, ndipo ndi bwino kusunga zonse mu UTC.

Thokozani, Mchengautuwa | Lachiwiri, 12:26

Ndakhala ndikuwerenga mwachidwi, ndipo ndikufuna kulankhulapo ngati munthu wa zamagetsi amene amaika mapampu. Zonse zimene aphunzitsi anena ndi zoona, koma zikugwira ntchito pokhapokha Raspberry Pi ili moyo. Tonse tikudziwa mmene magetsi amazimira m'madera mwathu muno, makamaka mvula ikayamba ndi mphepo. Heap ija imene tauzidwa ili mu RAM, ndipo magetsi akathima kwa sekondi imodzi yokha, callback yozimitsa pampu imafafanizika. Funso langa kwa achemwali ndi ili: magetsi akabwerera, relay yanu, switch imene Raspberry Pi imayatsira pampu, imakhala pati? Ngati munalumikiza pampu ku mbali imene imadutsitsa magetsi relay ikapanda mphamvu, pampu iyaka yokha pamene pulogalamu ikuganiza kuti ndi yozima, ndipo palibe timer imene idzaizimitse. Pampu iyenera kukhala ku mbali ya normally open, imene siidutsitsa magetsi relay ikapanda mphamvu, kuti chilichonse chikafa, nayonso izime.

Chachiwiri, Raspberry Pi 3 ilibe wotchi yosunga nthawi ikazima. Imadalira intaneti kuti idziwe ola, ndipo pa dimba pomwe netiweki ndi yovuta, ikhoza kuyaka ikuganiza kuti ikadali nthawi imene inazimira. Ndiye kuti pampu ya 6 koloko m'mawa ikhoza kuyaka masana. Raspberry Pi 5, imene inatuluka mu 2023, ili ndi wotchi yotero, koma pa yanuyo mukhoza kungoika kachipangizo ka DS3231 kolumikizidwa pa I2C, komwe kali ndi batire yakeyake.

Chachitatu ndi chimene ndikuchiona chachikulu kuposa zonse, ndipo apa ndili mbali ya a Limbani, kungoti ine ndikupitirira pamene iwo aimira. Thread yachiwiri ikadali mkati mwa kompyuta yomweyo. Ikani float switch, switch yoyandama pa madzi, mu thanki, yolumikizidwa mwachindunji pa waya woyendetsa contactor, switch yaikulu ya magetsi a pampu, kuti madzi akafika pamwamba adule okha popanda kufunsa pulogalamu. Timer ikhalebe yoyendetsa ntchito ya tsiku ndi tsiku, koma chotchinga chomaliza chikhale chinthu chimene madziwo amachikankha okha.

Aphunzitsi, Luwinga | Lachiwiri, 13:05

A Thokozani, ndikuvomereza zonse, ndipo ndikuyamikira kuti mwatikumbutsa za RAM. Kumbali ya pulogalamu ndingoonjeza ziwiri. Pampu ikayaka, lembani pa disk nthawi imene yayakira, ndipo pulogalamu ikamayamba, chinthu choyamba chikhale kuzimitsa pampu isanachite china chilichonse, kenaka iwerenge zimene zinalembedwazo n'kuona ngati kuli koyenera kupitiriza. Chinanso, systemd, imene imayambitsa ndi kuyang'anira mapulogalamu pa Linux, ili ndi `WatchdogSec`, imene imayembekezera kuti pulogalamu izipereka chizindikiro cha moyo pafupipafupi. Mukatumiza chizindikirocho kuchokera mu loop mwenimwenimo, osati mu thread ina, ndiye kuti loop ikagwidwa chizindikiro chimasiya kubwera, ndipo systemd imapha pulogalamuyo n'kuiyambitsanso ngati munaika `Restart=on-failure`. Zikanakhalapo Lachisanu lija, WatchdogSec ili yaifupi, pampu ikanazima pasanathe mphindi imodzi loop itagwidwa.

Tiwonge, Chibavi | Lachitatu, 18:48

Ndabwerako ku dimba ndipo ndati ndikudziwitseni mmene zayendera. Relay inali kale ku mbali yoyenera, zomwe zandikhazika mtima pansi. Kuwerenga sensa ndakusamutsira ku call_at, ndipo kuyambira 6 koloko dzulo madzulo mpaka 6 koloko lero madzulo ndapeza mizere 17,280 ndendende.

Poyesa ndatulukiranso vuto lachitatu limene sindinkalidziwa. Amalume ali ndi batani loyatsira ndi kuzimitsira pampu pamanja. Lero anayatsa, anazimitsa patapita mphindi 15 kuti akonze paipi imene inkadontha, kenaka anayatsanso, ndipo pampu inazima yokha patangotha mphindi zitatu. Nditafufuza ndapeza kuti timer yoyamba ija inali ikadali mu heap, chifukwa sindinkasunga chimene call_later imabweza. Tsopano ndikusunga TimerHandle imeneyo, ndipo pampu ikazimitsidwa mwa njira iliyonse ndimaitana `cancel` ndisanaike ina. Amalume akuti zimenezi zinachitikapo kawiri m'mbuyomu, koma ankaganiza kuti ndi pampu imene yayamba kutopa, moti anali atayamba kufunsa mitengo ya ina m'tauni.

Limbani, Katoto | Lachitatu, 19:10

Limenelo ndi vuto lofala kwambiri kwathunso, pamene munthu waiwala clearTimeout. Chimene chimandithandiza ine ndi kukhala ndi malo amodzi okha mu code amene ali ndi ufulu woika kapena kuchotsa timer ya chinthu chimodzi, kuti batani, SMS ndi ndandanda ya m'mawa zonse zizidutsa pakhomo limodzi. Mukatero simungakhale ndi ma timer awiri a pampu imodzi.

Chimwemwe, Zolozolo | Lachitatu, 19:22

Kodi kuchotsa ma timer ambiri sikudzaza heap ndi zinthu zakufa? Ndikufunsa chifukwa pulogalamu yanga imaika timeout pa pempho lililonse, ndipo ambiri amachotsedwa nthawi isanakwane.

Aphunzitsi, Luwinga | Lachitatu, 19:47

cancel siichotsa handle mu heap nthawi yomweyo, imangoiika chizindikiro chakuti yafa, ndipo loop imaitaya ikafika pamwamba. Koma loop imawerenganso kuti zakufazo zilipo zingati, ndipo mu heap mukakhala ma handle oposa 100 pamene oposa theka ndi ochotsedwa, imasesa heap yonse n'kuimanganso. Choncho pa ntchito ngati yanu musade nkhawa. Ngati muli pa Python 3.11 kapena yatsopano kuposa pamenepo, yang'ananinso `asyncio.timeout`, imene imakuikirani ndi kukuchotserani timer yotero popanda inu kugwira handle.

Thokozani, Mchengautuwa | Lachitatu, 20:15

Achemwali, float switch ndili nayo imodzi yotsala pa ntchito ina, pamodzi ndi DS3231. Ngati amalume angakhalepo Loweruka m'mawa, tikumane pa depoti cha m'ma 8 koloko tipitire limodzi. Mundiuze kutalika kwa thanki komanso mtunda wochokera pa thanki kufika pa bokosi la contactor, kuti ndidziwe waya woti nditenge.

Tiwonge, Chibavi | Lachitatu, 20:31

Zikomo kwambiri achimwene, amalume avomera ndipo adzakhalapo. Thanki ili pa nsanja ya mamita atatu, ndipo bokosi lili pa mtunda wa mamita pafupifupi 12 kuchokera pansi pa nsanjayo. WatchdogSec ndiyesa mawa ndikaweruka kuntchito, ndipo ndikufuna kuika masekondi 30, pulogalamu izitumiza chizindikiro masekondi 10 aliwonse. Aphunzitsi, ngati nambala zimenezi zili zosayenera mundiuze ndisanapite nazo ku dimba.